Pampu ya sola yomwe ndinagula pa boma, zomwe ndaona nditathirira nayo zilimwe ziwiri

Alimi anzanga a mthirira, makamaka inu a kuno kunyanja, anthu akhala akundiyimitsa panjira, ena kumsika ena kumaliro kumene, kufunsa za pampu ya sola yomwe ili kudimba kwanga, ndiye ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha poti kufotokoza pamsewu dzuwa likuswa mtengo zinthu zina umaiwala, kenako munthu nkukagula chinthu cholakwika nkumati unandiuza ndiwe.

Ine ndimalima mbali ya kwa Chimwala, kufupi ndi Malombe. Dimba langa ndi theka la ekala, kenako pali kachigawo ka alamu anga komwe ndimabwereka chaka chikakhala bwino. Ndimadzala tomato, anyezi, mpiru, repu ndi chimanga chogulitsa chachiwisi. Madzi sinditunga kunyanja ayi, ng'ona za Malombe aliyense amazidziwa, tinakumba chitsime pakona ya dimba ndipo ndi chomwecho chatisunga zaka zonsezi. Tinayamba ndi makheni ngati wina aliyense, ine awiri mayi a kunyumba awiri, kuyambira 5 koloko mpaka dzuwa litakwera msana utauma gwaa. Kenako inabwera thiredo pampu ija yopalasa ndi miyendo, inatithandiza ndithu sindingainyoze koma imafuna anthu awiri, wina kupalasa wina kugwira paipi, ndipo mu Okutobala kupalasa maola atatu pa kutentha kwa Mangochi si masewera. Pamapeto pake ndinagula ka injini ka petulo, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya sola inayambira.

Injini payokha inalibe vuto, madzi imaponya ambiri kuposa sola imene ndikukambayi, izi ndinene poyera. Vuto linali mafuta. Mukukumbukira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera usiku umodzi, ndiye mafuta ake kusowanso, munthu kunyamuka ndi chigubu pa njinga mpaka pa boma nkukapeza mzere wa magalimoto ndi makabaza wafika kutali, tsiku lina nkukuuzani kuti za m'zigubu sitikuthira lero. Ubwerere chimanjamanja kapena ugule kwa anyamata a m'mbali mwa msewu pa mtengo wopweteka, mafuta ake mwina osakaniza. Tomato sadikira mzere wa mafuta. Masiku atatu osathirira maluwa amayoyoka, ukadzathirira mochuluka pambuyo pake zipatso nkumang'ambika. Ndiye mvula ya 2023 kupita 2024 inatichita zomwe inatichita ija, El Nino, chimanga cha kumunda chinapserera chikumasula ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Ine ndi mayi a kunyumba tinakhala pansi nkuona kuti chaka chimenecho chakudya chathu chichokera kudimba basi, kulibenso kwina. Tinagulitsa mbuzi zinayi ndi injini ija, iwo anakatenga ngongole ku banki mkhonde, mu Meyi ndinakwera minibasi kupita pa boma.

Shopu yake sinditchula, ndi imodzi mwa mashopu ogulitsa za sola pa boma pathu pano. Mtengonso sindilemba chifukwa womwe ndinagulira ine lero ndi nthano chabe, mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, kafunseni nokha mashopu atatu musanatulutse ndalama. Zomwe ndinatenga ndi izi, pampu yokhala pamtunda osati yomiza m'madzi, mapanelo awiri a mawatsi 300 lililonse, kabokosi ka kontirola komwe mawaya onse amakumana, paipi yokokera madzi yokhala ndi foot valve kumapeto (kachipangizo koletsa madzi kubwerera m'chitsime), ndi paipi yakuda mamita 100. Batire palibe, ndipo musadabwe, mapampu ambiri a sola amayenda ndi dzuwa mwachindunji, likatuluka imalira likalowa imagona.

Mnyamata wa m'shopumo anali waulemu bwinobwino, anandipatsa mpando, koma nditamufunsa kuti achimwene, imeneyi ingathirire malo aakulu bwanji, anayankha mosaganizanso kuti madala, maekala awiri iyi simuvutika nayo. Mawu amenewa ndi omwe ndikufuna tikambirane kwambiri chifukwa ndi pomwe anthu ambiri akugwera.

Nditafika nayo kudimba ndinachita zomwe alangizi athu a zaulimi anandiuza, kutenga ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni. Cha m'ma 12 koloko kumwamba kuli mbee, paipi yaifupi pafupi ndi chitsime, ndowa imadzadza pa masekondi 25. Mukawerengera ndi malita pafupifupi 2,900 pa ola, zabwino ndithu. Koma 8 koloko m'mawa ndowa yomweyo imatenga kupitirira miniti, cha m'ma 4 madzulo chimodzimodzi, ndipo ndikalumikiza paipi yonse ya mamita 100 kukafika kumtunda kwa dimba ngakhale masana enieni imatenga masekondi 35 kapena 40. Ndiye tsiku lonse lowala bwino ndimapeza malita a pakati pa 13,000 ndi 15,000, osaposa apo. Tsono masamu ake ndi awa, alangizi anandilembera pansi ndi kamtengo ndipo sindinaiwale. Mbewu ikakula nyengo yotentha imamwa mamilimita 5 kapena kuposa pa tsiku, ndipo milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali mita imodzi m'lifupi. Theka la ekala ndi malo otere pafupifupi 2,000, kuchulukitsa ndi 5 ndi malita 10,000 tsiku lililonse. Maekala awiri aja ndiye kuti malita 40,000. Pampu yangayi ingawapeze kuti? Ndiye pamenepo sitinawerengere madzi omwe amalowa pansi m'ngalande asanafike pa mbewu, dothi lathu la mchengali limamwa ngati chinkhupule. Zoona zake nzakuti pampu ya saizi iyi ndi ya theka la ekala, mukasamala kwambiri madzi mwina kuwonjezera pang'ono, ndipo pa theka la ekalapo imagwira ntchito yotamandika. Ine chaka choyamba ndinakhulupirira za m'shopu zija, ndinadzala chimanga m'chigawo chonse cha alamu, pofika Seputembala ndinachita kusankha choti ndipulumutse, mizere ya kumapeto ndinaisiya iume ndikuona ndi maso. Zinandipweteka kwambiri chifukwa feteleza anali atalowa kale.

Tsono ndinene zabwino zake poti zilipo zambiri ndipo sindikudandaula kuti ndinagula. Chachikulu ndi mtendere wa mumtima. Kumapeto kwa 2024 mafuta atasowanso dziko lonse anthu akugona pa mizere, anzanga a mainjini anavutika zedi, wina woyandikana nane anyezi wake anafota akusakasaka malita awiri okha, ine ndimangodzuka kupukuta mapanelo nkutembenuza switch basi madzi nkumatuluka. Kuchokera tsiku logula sindinagulepo mafuta, oyilo kapena pulagi. Siichita phokoso, imangoti ng'ung'ung'u pang'ono moti mukhoza kumacheza pambali pake, utsi palibe. Mayi a kunyumba amaiyatsa okha ine ndikapita kumsika, pomwe injini ija kukoka chingwe chake kunali kwa ine ndekha ndipo tsiku lomwe ndadwala dimba nalo limagona ndi ludzu. Ana asiya kujomba kusukulu chifukwa chothirira, ichi kwa ine ndi chachikulu kuposa ndalama. Ndipo mwezi womwe mbewu zimafuna madzi kwambiri, Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, ndi mwezi womwenso pampu ili ndi mphamvu zonse, dzuwa lomwe limatiwotcha kuno lija limakhala likutigwirira ganyu.

Nyengo yozizira ndi ina. Juni ndi Julayi mwera ukamawomba kumabwera masiku a mitambo, pampu imangolira mofooka madzi nkumatuluka ngati a pa mpopi wa kumudzi, nthawi zina kuima kumene mtambo ukadutsa. Mwayi wake nthawi imeneyo mbewu sizimwa kwambiri ndiye zimakwanirana, koma ngati muli ndi nazale khalani ndi kheni pafupi musataye.

Pali tizinthu tomwe m'shopu sanandiuze ndinaphunzira ndekha kapena kwa alangizi. Mapanelo aziyang'ana kumpoto, osati kulikonse komwe mwakonda, chifukwa ife tili kummwera kwa dziko lapansi ndipo miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, muwapendeketse pang'ono ngati madigiri 15. Fumbi ndi mdani, kuno kuyambira Ogasiti fumbi lake mukulidziwa, ndinayesa ndi ndowa ija mapanelo ali ndi fumbi la sabata kenako nditapukuta, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Pukutani m'mawa asanatenthe ndi kansalu kofewa, osathira madzi ozizira pa galasi lotentha masana. Mthunzi ngakhale wa nthambi imodzi ya mango ukagwera pakona ya panelo mphamvu imatsika kwambiri kuposa momwe mungaganizire, ine ndinachita kusadza mtengo wina.

Kenako nkhani ya chitsime, iyi ndiye mumvetsetse. Pampu yokhala pamtunda iliyonse, kaya ya sola kaya ya petulo kaya yodula bwanji, siingakoke madzi omwe ali pansi kupitirira mamita 7 kapena 8, ndi chilengedwe chake, ndipo ikamayandikira pamenepo madzi amachepa. Changa mu Meyi madzi amakhala pa mamita awiri ndi theka, zaka ziwirizi nyanja inakwera kwambiri mpaka madimba a kumunsi ndi nyumba zina za m'mphepete zinamira ndiye madzi anali pafupi, koma pofika Okutobala amatsikabe kufika mamita anayi kapena asanu. Ndinachita kukumba kakhonde m'mbali mwa chitsime kuti pampu itsike pang'ono. China, pampu imatha kukoka madzi msanga kuposa momwe chitsime chimabwezeretsera, changa pa maola awiri chimafika pa matope ndiye ndiyenera kuzimitsa ndidikire ola. Kontirola ili ndi chitetezo choti madzi akatha imazimitsa yokha koma ine sindiidalira kwenikweni, ndimakhala pomwepo. Ngati madzi anu ali akuya kapena muli ndi mjigo, musagule ngati yangayi, funsani yomiza m'madzi. Ndipo lawani madzi anu kaye, zitsime zina kuno ndi zamchere, pampu ikamathira ambiri tsiku ndi tsiku mchere umayera pamwamba pa mabedi mbewu nkumapinimbira, pamenepo wolakwa si pampu.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri chinachitika mu Seputembala chaka choyamba. Madzi anayamba kuchepa dzuwa lili bwinobwino, ndowa ija kufika miniti ndi theka masana. Ndinayang'ana foot valve, ndinayang'ana ngati paipi ikuyamwa mpweya, zonse bho. Ndinainyamula pa njinga mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa boma, lisiti m'thumba poti anati galanti ndi chaka. Atatsegula anapeza kuti kampeni kozungulira mkati kaja, amati impeller, kadyeka ndi mchenga. Mwini shopu anati bambo, izi za mchenga galanti siikhudza, ndi kagwiritsidwe ntchito kanu. Ndinawafunsa kuti bwana, nanga tsiku logula lija ndinakuuzani kuti ndi chitsime chokumba pa mchenga kwa Chimwala, bwanji simunandiuze kuti ndiike sefa, anangoti pepani mnyamata uja anaiwala. Chabwino ndinavomera kulipira, koma kachipangizo kake m'shopu munalibe, akuti kachokera ku Blantyre. Mawa, mkuja, sabata yamawa, foni osayankha nthawi zina, zinatenga masabata atatu. Masabata atatu mu Seputembala tomato ali ndi zipatso! Tinabwerera ku makheni banja lonse mpaka apongozi anga achikulire anabwera kudzathandiza, ndipo thiredo ija yomwe ndinali nditaiponya kuseri kwa khola ndinaitulutsa nkuisoka zikopa. Tinapulumutsa ochuluka koma mabedi anayi anapita.

Ndiye pa pampu payokha ndilibe nayo mawu, koma pa chisamaliro cha pambuyo pogula shopu ija inandigwiritsa fuwa lamoto. Anthu ogulitsa zinthuzi akuyenera kudziwa kuti mlimi akabwera ndi pampu yowonongeka kumbuyo kwake kuli mbewu zomwe zikufa ola lililonse, si wailesi yoti ingadikire mwezi. Inu musanalipire funsani kuti impeller, ma seal (tizipangizo toletsa madzi kudontha) ndi kontirola zapadera zilipo m'shopu momwemo, akuonetseni ndi maso osati pakamwa, ndipo funsani galanti ikukhudza chani ndipo chomwe siikhudza nchani, alembe kuseri kwa lisiti. Kuli makampani ena omwe amapereka mapampu pa ngongole nkumalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, nzabwino kwa yemwe alibe ndalama ya kamodzi, koma funsitsani chomwe chimachitika mukachedwa kulipira mwezi umodzi poti ena amatha kuitseka ali kutali.

Za mchenga ndinazithetsa mosavuta, foot valve ndinaiika mkati mwa ndowa yakale yobowolabowola nkukulunga ndi neti, ndipo ndinaimangirira kuti izilendewera osagunda pansi pa chitsime. Kuchokera pamenepo chaka chathunthu ndi miyezi palibe chawonongeka.

Chaka chachiwiri ndinawonjezera thanki ya malita 2,000, ndipo ndinganene kuti pampu ya sola yopanda thanki ndi theka la chipangizo. Taganizani, mphamvu zake zili masana pomwe kuthirira kwabwino ndi m'mawa kapena madzulo madzi asamauluke ndi dzuwa. Pakati pa dimba langa pali chulu, ndinachisalaza pamwamba nkuyala njerwa, thanki nkukhala pamenepo mamita awiri kuchoka pansi osagula chitsulo chilichonse. Masana ndimathirira chimanga m'ngalande mwachindunji poti icho sichidandaula, kwinaku thanki ikudzadza, madzulo madzi a m'thanki amatsika okha kupita ku tomato. Mabedi asanu ndi limodzi ndinaikamo timapaipi ta dripi todontheza pa tsinde, madzi amapita ochepa zedi ndipo masamba sanyowa ndiye matenda a masamba achepako, koma dripi nayo imafuna sefa yake ndi kutsukidwa pafupipafupi apo ayi timabowo timatsekeka, makoswe nawo amaboola akamva ludzu. Kuphimbira mabedi ndi udzu kapena mapesi kwandithandiza mofanana ndi dripi yomweyo pamtengo wa zero, bedi lophimbira limatha masiku awiri lili chinyontho pomwe la pambalambanda madzulo omwewo lauma.

Akuba. Mapanelo ndi ndalama yooneka ndipo aliyense akuwafuna pa denga pake, kudimba usiku sangagone. Ife timamasula tsiku lililonse 5 koloko, pampu ndi kontirola pa wilibala mapanelo pamutu, m'mawa kubwereranso nazo, ndi mtunda wa mphindi 15. Zimatopetsa ndipo panelo la mawatsi 300 ndi lalikulu, mwera ukamawomba limakukoka ngati thanga la bwato, mwana musamupatse. Ngati dimba lanu lili kutali ndi nyumba ganizirani izi musanagule, mwina mapanelo ang'onoang'ono angapo angakhale bwino kuposa awiri akuluakulu, kapena mugwirizane ndi oyandikana nawo za mlonda. Mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola nazo zimatafuna mawaya, ndinachita kuwalowetsa m'paipi yakale. Mvuu inalowapo kamodzi usiku nkuponda paipi yakuda malo awiri, imeneyo ndi nkhani ya tonse a m'mbali mwa Malombe, sola kapena ayi.

Kodi ndalama inabwerera? Inde, ngongole ya ku banki mkhonde tinamaliza chaka choyamba chomwecho ngakhale panali zovuta zija, makamaka ndi chimanga chachiwisi chomwe mavenda amadzatengera kudimba konkuno kukawotcha pa boma ndi kwa M'baluku, ndipo mbuzi ziwiri zabwerera m'khola. Koma pampu siigulitsa mbewu. Chaka chathachi tonse tinadzala tomato nthawi imodzi, pamsika anadzadza mpaka beseni kumapita pa mtengo wolira nawo, ndiye pano ndimadzala mosiyanitsa masabata atatu atatu ndipo anyezi ndamuchulukitsa poti amasungika. Mbozi za m'chimanga ndi kambozi kaja koboola tomato sizinachoke chifukwa ndagula sola, mankhwala ndi kuyendera m'munda m'mawa uliwonse zili pomwepo.

Amene ndingamulimbikitse kugula ya saizi iyi ndi mlimi wa theka la ekala, madzi ake ali pafupi osapitirira mamita asanu nthawi ya Okutobala, dimba lili kufupi ndi nyumba, ndipo ali ndi poyikira thanki ngakhale atadzagula chaka chinacho. Wa maekala awiri asanamizidwe, afunika mapanelo ambiri ndi pampu yaikulu, kapena agawe mundawo azilima mbali imodzi. Magulu a anthu khumi ogula pampu imodzi yaing'ono ngati iyi ndaona akukangana, chifukwa maola a dzuwa lamphamvu ndi asanu kapena asanu ndi limodzi basi ndipo aliyense amafuna 11 koloko.

Alamu anga aja atengeka nayo, akufuna yawo chaka chino ndipo abwera kale kawiri kudzafunsa kuti tipite limodzi pa boma. Ndawauza kuti alamu, ndalama isungeni kaye kwa mlongo wanga, Loweruka tipite kuchitsime kwanu ndi chingwe chomangirira mwala tiyeze pomwe madzi ali, tikhuthule ndi yangayi tione chimatenga maola angati kudzadzanso, tiyendenso ndi mapazi dimba lonse tidziwe kukula kwake. Ndipo tsiku lopita kushopu ndowa ya malita 20 ija tinyamula, akatiyatsire pompo tiwerenge masekondi tisanapereke ndalama.